Kuweta Mtengo Pamwala: Luso la Bonsayi ndi Phunziro la Kachere wa ku Chambe

Mawu Oyamba

Munthu akapatuka pa Chitakale n'kulowa msewu wopita ku Phalombe, akangodutsa Likhubula maso ake amakodwa ndi thanthwe la Chambe. Nsonga imeneyi ndi yotalika mamita 2,557, ndipo khoma lake loyang'ana kumadzulo, lomwe ndi la mamita pafupifupi 1,700, limatchuka pakati pa anthu okwera matanthwe ndi zingwe. Alendo akafika pamenepa amayang'ana kumwamba. Ife obadwira m'munsi mwa phirili tinazolowera kuyang'ana pansi, pamene pali miyala ikuluikulu imene inagubuduka kalekale n'kukhazikika m'minda ndi m'mbali mwa mitsinje. Pamwamba pa ina mwa miyalayi pamamera kachere. Thunthu lake limakhala pamwala poti see, popanda dothi, koma mizu yake imatsetsereka m'mbali mwa mwalawo, kuukumbatira mpaka kukalowa pansi.

Zimene kachere amachita yekha pa zaka makumimakumi, anthu a ku China ndi ku Japan anaphunzira kuzichita ndi manja m'kambale kakang'ono. Nkhani ino ikufotokoza momwe mtengo umawetedwera pamwala, kuyambira pa nthambi yodula mpaka pamene mizu yagwira. Ifotokoza za mtengo wa elm, umene alimi ambiri a bonsayi kunja amayambira, komanso za kachere, amene ali pakhomo pathu. Mfundo yaikulu ndi yoti luso limeneli silifuna ndalama kapena mtengo wozula m'phiri, koma nthawi.

Dzina ndi Chiyambi Chake

Mawu oti bonsai ndi a Chijapani ndipo ali ndi zigawo ziwiri: bon, kutanthauza mbale yosazama, ndi sai, kutanthauza chobzala. Ajapani anatenga mawuwa pamodzi ndi lusoli kwa Atchaina, amene amati penzai kapena penjing. Chithunzi cha pakhoma la manda a mwana wa mfumu wotchedwa Zhanghuai, cha m'chaka cha 706, chimaonetsa wantchito atanyamula mbale ya timiyala ndi timitengo. Pofika zaka za m'ma 1300, zithunzi za ku Japan nazo zinkaonetsa mitengo ya m'mbale.

Pobwereka mawuwa m'Chichewa sitivutika kwenikweni. Phatikizo la nsa tili nalo kale m'mawu monga nsalu ndi nsapato. Kumapeto kokha ndi kumene tiyenera kulowetsa y, monga timachitira polemba mayi kapena ayi, ndipo tipeza bonsayi. Funso lotsala ndi la gulu la mayina. Zipangizo zambiri zobwereka zimalowa m'gulu la I-Zi, monga wayilesi iyi ndi galimoto iyi, koma zomera zobwereka zimakonda gulu la Mu-A: tomato uyu, kabichi uyu, anyezi uyu. Pachifukwa chimenechi m'nkhani ino tizinena kuti bonsayi uyu.

Wina angafunse kuti bwanji osangoti kamtengo. Vuto ndi loti mphatikiri ka- amachepetsa chinthu popanda kusiyanitsa msinkhu ndi zaka. Kamtengo kakhoza kukhala mbande ya miyezi itatu. Bonsayi ndi wamfupi koma si mwana. Ku Washington kuli paini amene wakhala akusamalidwa m'mbale kuyambira 1625. Anapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945, ndipo mwini wake, Masaru Yamaki, anamupereka ku America mu 1976. Mtengo wa zaka 400 sitingautche mbande. Dzina la kachere nalo limatiphunzitsa kusamala: limayamba ndi ka- koma si lochepetsa, n'chifukwa chake timati kachere wamkulu, monga timanenera kalulu wamkulu.

Tiyeneranso kuchotsa maganizo olakwika awiri. Bonsayi si mtundu wapadera wa mtengo. Mbewu yake mukaibzala m'munda, pamamera mtengo waukulu ngati wina uliwonse. Komanso bonsayi samanidwa madzi kapena chakudya. Chimene chimamufupikitsa ndi kudulira nthambi ndi mizu kawirikawiri, ndiponso kuchepa kwa malo m'mbale. N'chifukwa chake mneni woyenera si kubzala chabe koma kuweta, pakuti mtengowu umadalira munthu tsiku ndi tsiku ngati chiweto.

Elm ndi Kachere

Pa masitayelo a bonsayi, imene tikukamba pano Ajapani amaitcha sekijoju, kutanthauza mtengo wa pamwamba pa mwala. Mizu imadutsa pamwala n'kukathera m'dothi la m'mbale. Imasiyana ndi ishitsuki, pamene mizu yonse imakhala m'mphako ya mwala osafika pansi.

Mtengo umene umakondedwa pa sitayelo ya sekijoju ndi elm wa ku China, amene akatswiri a zomera amamutcha Ulmus parvifolia. Kwawo ndi ku China, Korea ndi Japan. Masamba ake ndi aang'ono mwachibadwa, a masentimita awiri mpaka asanu. Mizu yake ndi yaitali, yofewa ndi yopindika mosavuta. Akadulidwa amaphukira ngakhale pa thunthu lakale, ndipo kachidutswa ka muzu wake kakhoza kuphuka n'kukhala mtengo watsopano.

Elm samera m'tchire la kuno kwathu. Koma tikayang'ana zimene zimamuyenereza, tipeza kuti kachere ali nazo, mwinanso kuposa. Kachere ndi wa mtundu wa Ficus, pamodzi ndi mkuyu. Nthambi yake ikazikidwa m'nyengo ya mvula imagwira msanga. Mizu yake imakula mofulumira, imapirira kukhala pamtunda, ndipo iwiri ikakhudzana kwa nthawi yaitali imalumikizana n'kukhala umodzi. Alimi a bonsayi a ku South Africa anazindikira zimenezi kale, ndipo amaweta mitengo ya kwawo monga Ficus natalensis, Celtis africana ndi mlambe. Njira yowetera elm ndi kachere pamwala ndi imodzi. Pamene pali kusiyana tidzatchula.

Momwe Muzu Umagwirira Mwala

Tisanagwire ntchito, timvetse zimene zimachitika m'chilengedwe. Mbalame kapena mleme ukadya zipatso za kachere umakasiya njere mumng'alu wa mwala, mmene muli fumbi, ndere ndi masamba owola. Njere ikamera, timizu tonga ulusi timatsata mng'alu chifukwa ndi mmene mumakhalitsa chinyontho. Mbande zambiri zimauma m'chilimwe choyamba. Imene muzu wake wafika pansi mvula isanathe ndi imene imapulumuka. Kuyambira pamenepo muzu uja umanenepa chaka ndi chaka. Popeza mbali imodzi yatsekedwa ndi mwala, umakula chophwatalala, n'kudzaza mng'alu ndi kutenga maonekedwe a mwalawo. Mbali yakunja imamera khungwa lolimba ngati la thunthu.

Apa pali mfundo imene ntchito yonse yagonapo. Madzi amayamwidwa ndi timizu tating'ono ta kunsonga, ndipo timeneti timafa tikakhala padzuwa ndi pamphepo ngakhale kwa nthawi yochepa. Muzu wokhwima, wakhungwa, ndi umene ungakhale pamtunda. Choncho woweta bonsayi sayika mtengo pamwala woonekera. Amayamba wakwirira mwala wonse, kudikira kuti mizu ikhwime, kenako n'kumaufukula pang'onopang'ono.

Chaka Choyamba: Kutalikitsa Mizu

Dulani nthambi ya kachere yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 15 mpaka 20, mvula itakhazikika mu Disembala kapena Januwale. Siyani masamba awiri okha kumwamba. Utomoni woyera umene umatuluka, womwe anyamata amapangira ulimbo, ulekeni uume pang'ono musanazike. Mbale yosazama siyofunika panopa. Chofunika ndi chotengera chachitali ndi chopapatiza, monga botolo la pulasitiki la malita awiri lodulidwa kukamwa ndi kubooledwa pansi. Thiranimo mchenga wamtsinje wokhakhala wosakaniza ndi manyowa owolerana pang'ono. Mumchenga mizu imatsika molunjika pofuna chinyontho, ndipo imasanzika mosavuta nthawi yozula. Pakatha chaka mizu iyenera kukhala yaitali kuposa mwala umene mwasankha, kuti ikadutsa pamwala itsale ndi gawo lokalowa m'dothi.

Kusankha Mwala

Mwala wosalala wa mumtsinje wa Likhubula ndi wokongola, koma muzu ulibe pogwira. Funani mwala wokhakhala, wokhala ndi ming'alu yotsika pansi ndi kamalo kokhazikapo tsinde. Ukhale wolimba, wosafumbutuka mukaukanda ndi msomali, chifukwa udzakhala wonyowa zaka zambiri. Miyala ya m'minda ya m'munsi mwa Chambe, imene alimi amaunjika m'malire polima, ndi yolimba motero. Mwala wa masentimita 15 mpaka 25 ndi wokwanira kwa woyamba kumene. Kumbukirani kuti mtengo udzakula koma mwala sudzakula. Mwala waung'ono kwambiri udzamezedwa ndi mizu mpaka osaonekanso. Utembenuzeni m'manja mpaka mupeze nkhope yake, mbali imene mukufuna kuti anthu aziona. Mtengo umaoneka bwino ukakhala chapambali pang'ono, osati pakatikati penipeni ngati chipewa.

Kumanga ndi Kukwirira

Ntchito iyi ichitike pamthunzi, tsiku la mitambo, madzi ali pafupi. Ng'ambani botolo lija, sansani mchenga ndi kutsuka mizu. Sankhani mizu itatu mpaka isanu yamphamvu. Khazikani tsinde pamwala ndipo yalani mizu m'ming'alu, ina kutsogolo, ina kumbuyo ndi m'mbali, kuti mwala ugwidwe mbali zonse. Muziwaza madzi pafupipafupi. Kenako mangani mizu kumwala mothina koma mosaitswanya. Luzi ndi labwino chifukwa limawola lokha mizu ikamanenepa. Waya amadula muzu n'kusiya chipsera. Mpata uliwonse umene mwasiya pakati pa muzu ndi mwala lero sudzatsekeka, chifukwa muzu ukauma khosi supindikanso. Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo pano mwambiwu ukunena za mtengo weniweni.

Matani mizu ndi dothi lamakande lochepa losakaniza ndi manyowa, kenako kulungani mwala wonse ndi pepala la pulasitiki, kusiya kumwamba ndi pansi potsegula. Pulasitikiyo imaletsa mizu kuthawira m'mbali, motero imatsata mwala mpaka pansi. Ikani zonse m'ndowa yakale yobooka, nsonga za mizu zili m'dothi labwino, ndipo kwirirani mwala ndi mchenga mpaka patsinde. Oona adzangoti mwabzala mtengo m'ndowa.

Tsopano ulekeni ukule. Musadule nthambi ngakhale zitatalika mopanda dongosolo, chifukwa masamba ndi amene amapanga chakudya chonenepetsa mizu. Thirirani, ikani manyowa pang'ono m'nyengo ya mvula, ndipo ikani ndowayo pamalo okwera. Mbuzi zimakonda masamba a kachere, ndipo chiswe chimalowera m'mabowo a ndowa yokhala pansi. Kachere amafuna chaka chimodzi kapena ziwiri ali chikwiririre. Elm, amene mizu yake imanenepa mochedwerapo, angafune ziwiri kapena zitatu.

Kufukula

Apa ndi pamene ine ndinagwa. Ndinazika nthambi yanga yoyamba mu Disembala 2020 ndipo ndinaimanga pamwala patatha chaka. Mu Okutobala 2022 mtima unandikana kudikira. Ndinakhuthula mchenga wonse tsiku limodzi, kuchotsa pulasitiki, n'kuika mtengo pakhonde kuti anzanga auone. Mizu inali itagwiradi mwala, koma inali yoyera, yopanda khungwa. Dzuwa la Okutobala linatenthetsa mwala moti sunkagwirika ndi dzanja. Pasanathe sabata mizu inafota n'kusanduka ngati ulusi wakale, masamba anayoyoka, ndipo ntchito ya zaka ziwiri inathera pomwepo.

Njira yoyenera ndi yochotsa mchenga wa masentimita awiri kapena atatu okha kumwamba, kudula pulasitiki ya gawo limenelo, n'kudikira miyezi iwiri kapena itatu. Muzu woonekera ukasintha mtundu n'kufanana ndi thunthu, chotsaninso gawo lina. Yambani mvula itayamba, pamene mpweya uli wachinyontho, ndipo imani kaye kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Timizu tating'ono todutsa mopingasa pankhope ya mwala tidulidwe, kuti mphamvu ipite ku mizu ikuluikulu. Mwala wa masentimita 20 ungatenge chaka chathunthu kapena kuposerapo kuti uoneke wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuumba Nthambi

Mizu ikagwira, yafika nthawi yoganiza za kumwamba. Thunthu lalitali lija lidulidwe pamwamba pa mphukira imene idzakhale mutu watsopano. Kudula kotereku kumachititsa kuti mtengo ukhale wonenepa patsinde ndi wowonda kumwamba, monga umakhalira mtengo wakale. Pa mphukira zimene zituluke, sankhani zochepa zotuluka mbali zosiyana ndi pa misinkhu yosiyana, zotsalazo chotsani.

Pali njira ziwiri zopindira nthambi. Yoyamba ndi yokulunga waya wa aluminiyamu kapena wa mkuwa, wonenepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambiyo, mopendekera, kenako n'kupinda nthambi pang'onopang'ono. Khungwa la kachere ndi lofewa ndipo amakula msanga, choncho m'nyengo ya mvula waya ayang'aniridwe sabata iliyonse ndi kuchotsedwa asanalowe m'khungwa. Amene alibe waya akhoza kukokera nthambi pansi ndi chingwe chomangirira kumbale. Njira yachiwiri ndi yodulira chabe. Lekani mphukira itulutse masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, kenako dulani kusiya awiri. Mphukira yatsopano imatulukira patsinde la tsamba lomaliza n'kulowera kumene tsambalo laloza, motero mwa kusankha podula mumasankha kolowera nthambi. Elm amamvera kwambiri njira imeneyi. Kachere wathanzi akhoza kuchotsedwa masamba onse kamodzi m'nyengo yotentha ya mvula, ndipo amaphuka ena ochepa msinkhu. Wofooka asachitidwe zimenezi.

Pomaliza penipeni mtengo ulowe m'mbale yosazama. Phale la mbiya yosweka, lobooledwa pansi, limagwira ntchito bwino lomwe. Dothi likhale lotaya madzi msanga: mchenga wokhakhala, zidutswa za njerwa zootcha zonga njere za chimanga, ndi masamba owolerana. Pakatha zaka ziwiri zilizonse zulani mtengo pamodzi ndi mwala wake, dulani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mizu ya pansi, n'kuikamo dothi latsopano. M'miyezi ya chiperoni, Juni ndi Julayi, chepetsani madzi. Mu Okutobala thirirani m'mawa ndi madzulo, ndipo mtengo ukhale pamthunzi masana, pakuti mwala umasunga kutentha.

Njira Yachidule ndi Mtengo Wake

Amalume anga, amene paunyamata wawo ankasenza matabwa kuchokera pamwamba pa phiri kutsikira ku Likhubula, atamva kuti mtengo wanga wauma anandiseka. Anati, “Mphwanga, ukuvutikiranji zaka zonsezi? Kumtundaku kuli timitengo tokalamba kale pamiyala. Tsiku limodzi lokha ndi khasu, watenga.” Ndinawafunsa kuti, “Nanga amalume, sida uja munkasenza ali kuti lero?” Sanandiyankhe msanga. Kenako anati nthawi imeneyo palibe amene ankaganiza kuti mitengo ingathe m'phiri lalikulu chotere.

Mkungudza wa ku Mulanje, umene ambiri amangoti sida ndipo akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Phirili lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Komabe kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha, ndipo pofika 2018 nayonso inali itadulidwa. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri, linachita kufesa mbande m'manazale n'kuzikweza kumtunda kuti mtengowu usatheretu. Mbande zimenezo zidzafuna zaka makumi ambiri kuti zifike pamene panali makolo ake.

Luso la bonsayi nalo lili ndi mbiri yofanana. Ku Japan, mtengo wa shimpaku womera m'matanthwe unakondedwa kwambiri moti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anthu anauzula pa phiri la Ishizuchi mpaka unasowa, ndipo ozulawo anasamukira ku mapiri a ku Itoigawa. Luso limene limatamanda mtengo wa pathanthwe ndi lomwe linavula matanthwe. Ngati bonsayi angafale kuno, tisayambire pamene anzathu analakwitsa. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kuchotsa zomera m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Kuwonjezera apo, mtengo wozulidwa pathanthwe kawirikawiri umafa, chifukwa timizu take toyamwa madzi timakhala kutali mkati mwa mng'alu ndipo timatsala komweko. Nthambi yodula kwa kachere wa pabwalo siwononga kanthu, ndipo mtengo wake umaphukanso mvula yomweyo.

Mawu Omaliza

Taona kuti kuweta mtengo pamwala kuli ndi magawo asanu: kutalikitsa mizu, kuimanga pamwala woyenera, kukwirira, kufukula pang'onopang'ono, ndi kuumba nthambi. Zipangizo zake ndi botolo, ndowa yobooka, luzi, mchenga ndi phale, zinthu zopezeka pakhomo lililonse. Taonanso kuti zimene elm amachita ku China ndi ku Japan, kachere amazichita kuno, ndipo Chichewa chili ndi mawu okwanira kufotokoza ntchito yonseyi. Kuyambira pa nthambi yodula mpaka pa mtengo wooneka bwino m'mbale pamapita zaka zisanu kapena kuposerapo.

Kachere wanga wachiwiri ndinamumanga pamwala mu Januwale 2024, ndipo ndinayamba kuchotsa mchenga patatha chaka chathunthu. Ndikakhala ku sukulu, amene amamuthirira ndi amalume aja. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ngakhale mtima utawakana bwanji, asafukule. Nditapita kutchuthi ndinapeza atasamutsira ndowa ija pathandala, kutali ndi mbuzi, mchenga uli pomwe ndinausiya.